Chimene Alamu Anatsinzinira pa Dooko

Anthu amati ine Eneles pakamwa panga mpobowoka ngati lichero lakale, ndipo sindikana. Ku sukulu anandikwapulapo kale chifukwa chouza anzanga kuti mkazi wa mlaliki amatafuna fodya kuseri kwa nkhokwe. Kodi ndinanama? Koma nkhani iyi yokha muimve kwa ine, chifukwa amene akuiyendetsa ku Chonde ndi ku Milonde akuipotoza. Ena mpaka akuti alamu anga anali ataledzera. Bodza lamkunkhuniza! Munthu woti ngakhale thobwa logona amayamba walinunkhiza?

Alamu angawo ndi a Danieli, amuna awo a achemwali anga a Agatha. Kwawo ndi cha ku Chiradzulu, kwathu anabwera monga mkamwini. Ndikati kwathu ndikunena malo a mzungu wa tiyi, m'munsi mwa phiri, pamene amayi anamanga atawoloka Muloza pothawa Apwitikizi, ine ndili kumsana. Malowo timalipira ndi thangata. Bambo anamwalira kalekale, ndiye pakhomo pathu mawu omaliza ndi a amayi.

Alamu ndi mphunzitsi wa mishoni, woyendera timasukulu ta m'midzi. Anagwira ntchito ku Kabula zaka zambiri mpaka anagula njinga yakuda yokhala ndi belu. Chaka chimenecho cha 1913, kuno konse munthu wakuda wokhala ndi njinga anali iwo okha. Mmene ankaikondera! M'mawa kuipukuta, madzulo kuipukuta, mvula ikamabwera kuifunditsa bulangete iwo nkugona ndi chiguduli.

"Alamu," ndinkawatero, "inu muli pa mitala, ndipo mkazi wamkulu ndi wachitsuloyu."

"Iwe mlamu, wachitsuloyu ndimamukonda chifukwa amalankhula ndikamugwira belu basi. Ukanatengerako."

Mzungu woyang'anira munda wa tiyiwo timamutcha Bwana Tsabola, chifukwa cha mphuno yake ndi mtima wake. Nayenso ali ndi njinga, koma yamoto, ija timati mthuthuthu. Ikamabwera nkhuku zimataya nthenga, ana amagwera m'ngalande, iye osacheuka.

Tsiku limene zinachitika kunatentha zedi, mvula isanayambe. Akazi ataweruka ku thangata anatsikira pa dooko kukasamba, pamene msewu wa kumunda umawoloka mtsinje wathu. Ine amayi anandituma kukavuula chinangwa chimene tinaviika kuseri kwa mabango. Taonani tsoka langa! Chinthu chachikulu chotere chichitike poteropo, ine wokonda kuona zinthu ndingomva ndi makutu okha.

Ndinamva belu, kenako mawu a alamu: "Odi kumadziko!"

"Imani kaye, kuli anthu!"

Anayankhawo anali amayi. Mawu a amayi sasokonekera. Akaitana nkhuku zathu, za kutsidya zimabweranso. Tsono inu mukudziwa kuti mkamwini ndi apongozi sapenyana. Chibwerereni alamu pakhomo pathu, awiriwo akakumana panjira wina amapatukira patchire, ndipo akafuna kulankhulana amadzera mwa ine, ngakhale ali pafupi moti akumvana bwinobwino. Ndiye taganizani, apongozi ali m'madzi, nsalu ili pamwala! Alamu anatsika panjinga, anaikankhira kunja kwa msewu pansi pa nsungwi, anafulatira mtsinje. Kufulatirako sikunawakwanire, anatsinzinanso.

Pamenepo mpamene panamveka thu thu thu thu. Bwana Tsabola sanaitanepo odi pa dooko chibadwire. Akazi anayamba kukuwa, ena kumira, ena kuthamangira nsalu zawo kumtunda. Alamu atamva mapazi a akazi akuthamanga chakumbuyo kwawo, anatsinzina kwambiri. Kenako ndinamva phokoso ngati miphika yonse ya pamudzi yagwa pamodzi.

Ndinataya chinangwa nkuthamanga. Alamu anali thasa m'nsungwi, mwendo utapindika pamene palibe bondo. Gudumu lakutsogolo la njinga linali litakulungika ngati nkhata. Mzungu anali chilili, wosavulala, akusisita nyali ya mthuthuthu wake imene inasweka, uku akutukwana m'chilankhulo chakwawo. Munthu ali pansiyo sanamuyang'ane nkomwe. Amayi sakanatha kuyandikira. Anaima kuseri kwa mtengo, nsalu yonyowa ili m'khwapa, akufuula.

"Eneles! Uwauze alamu ako asagwedeze mwendowo!"

"Ndamva, mlamu," anatero alamu, mano ali chilumire. "Uwauze amayi ndamva."

Amuna anawanyamula pa machila kupita nawo ku chipatala cha mishoni. Anakhalako mpaka chimanga chinafika m'mawondo. Pobwera anali ndi ndodo, mwendo umodzi utafupika. Anapezanso kuti Bwana Tsabola anali atafika kale kwa azungu a mishoni nkuwauza kuti mphunzitsi wawo anali chiledzerere pakati pa msewu. Azunguwo anati a Danieli ayambe aima pa ntchito mpaka nkhaniyo iyere.

Ndiye alamu anachita chinthu chimene sichinamvekepo kwathu. Anavala jekete, anatsimphina mpaka ku Boma, nkukasuma. Anati akufuna njinga yawo, akufuna mwendo wawo ulipidwe, ndipo akufuna mawu oti kuledzera aja afufutidwe. Anthu anagwira pakamwa. Munthu wakuda kusumira mzungu, mzungu wake mwini malo amene ukugonapo!

"Alamu, simukuopa?" ndinawafunsa.

"Mlamu, wakwata kwa mphezi saopa kung'anima."

"Mpheziyo ndi yani? Ndikawauza amayi."

"Iwe! Ndikuthyola ndi ndodoyi."

Tsiku la mlandu ndinapita ndi achemwali, iwo ali ndi pakati potopa. Bwana woweruza anakhala kutsogolo pa tebulo, pambali pake ataima a Isake omasulira. Bwana Tsabola anamupatsa mpando. Alamu, a mwendo wothyokawo, anaimirira. Mzungu analankhula mosatekeseka. Anati analiza lipenga, koma munthuyo anali pakati pa msewu, maso ali tseke ngati wagona choimirira. Munthu wabwinobwino angatero?

Woweruza anafunsa kudzera mwa a Isake: "Kodi ndi zoona kuti munatsinzina?"

"Ndi zoona, bwana. Koma sindinali pamsewu."

"Mthuthuthu munaumva ukubwera?"

"Ndinaumva."

"Nanga munatsinziniranji?"

Alamu anayang'ana pansi, thukuta lili kamukamu. Ine pansi pamtima ndikuti nenani, alamu, nenani! Koma akanati chiyani? Akanati apongozi anga anali osavala kumbuyo kwanga? Pamaso pa asikali, amesenjala ndi amuna onse odzaonerera aja? Mawu amenewo mkamwini sangawatulutse, ngakhale mutamuika mpeni pakhosi. Bwana Tsabola anamwetulira. Woweruza anati ngati sabata yamawa sipabwera mboni imene inaona ndi maso, mlandu autaya, ndipo a mishoni adzauzidwa momwemo.

Mboni zinalipo zodzaza mtsinje. Koma ndinayenda khomo ndi khomo, aliyense akuti ine ndinamira, sindinaone kanthu. Mudzi wonse unamira! Zoona zake nzakuti amuna awo anawaletsa. Ndani angalole mkazi wake kukaima ku Boma nkumanena kuti mzungu anandiona ndikusamba?

Dzuwa likupendeka tsiku lachiwiri lake, kunabwera a Pilato, kapitawo wa Bwana Tsabola. Masiku onse a Pilato amafika ndi chikoti m'manja, mawu ali patsogolo. Tsikulo anafika mwakachetechete, masaya atalowa, nkukhala pa mtondo wogubuduzika.

"Mayi, ndatumidwa. Bwana akuti aphunzitsi akautaye okha mlandu, azikhala. Akaumirira, kaya awina kaya aluza, achoke pamalo pano."

"Mwamaliza?" anafunsa amayi, akusola nandolo.

"Ndamaliza."

"Yendani bwino."

A Pilato atapita achemwali anayamba kulira. Aliyense ankadziwa tanthauzo lake. Mkamwini akathamangitsidwa amabwerera kwawo yekha. Mkazi ndi mwana amatsala pa mbumba ya amayi ake. Alamu anali m'nyumba mwawo, amayi pakhonde la kwathu, ine pakati ngati mlatho.

"Mlamu," anaitana alamu, "uwauze amayi kuti mawa ndikautaya mlandu."

Ndinatembenuka. "Amayi, akuti mawa..."

"Ndamva, ndili ndi makutu. Uwafunse, akautaya ndiye kuti avomera kuti analedzera?"

"Alamu, akuti..."

"Uwauze kuti kuli bwino anditche chidakwa kusiyana ndi kuti dzina la amayi lizikatchulidwa ku Boma pa nkhani yotere."

"Uwauze kuti dzina langa ndi langa, asandisungire. Ndipo chidakwa chopanda ntchito, cha mwendo umodzi, pakhomo pano sindichifuna. Ndinalandira mphunzitsi ine."

"Uwauze kuti sindingalole amayi akaime ku Boma."

"Uwafunse anayamba liti kundiloleza zinthu pamudzi panga."

Khosi langa linatopa ndi kucheuka. Kenako amayi anaika lichero pansi nkunena motsitsa, osatinso kudzera mwa ine: "Ine sindinamire. Ndinaima chilili, ndipo ndinaona zonse." Anatolanso lichero lija. "Koma mawu a nkhalamba yosadziwa kulemba ndi mawu a mzungu, pa sikelo ya ku Boma ija, olemera ndi ati?"



M'mawa mwake ndinapita kukathandiza a Janeti kusinja. A Janeti ndi akazi awo a a Pilato, achitsikana ndithu, okonda kudzola ndi kuseka, ndipo tsiku la ngozi lija anali m'madzi nawonso. Ndinawapeza maso atatupa. Ine munthu wotupa maso sindimufunsa msanga ayi. Ndimayamba ndamuyamikira ufa.

"Koma inu a Janeti, mphale yanu imayera bwanji! Nchifukwa chake a Pilato sadya kwa eni."

"Akudya kuti? Chichitikireni zija nsima akungoiyang'ana."

"Ha! Akudwala?"

"Akudwala mtima. Iwe Eneles, ungasunge chinsinsi?"

"Ine? Ngati manda."

Anaimitsa munsi, anayang'ana uku ndi uku. Anati m'mawa wa tsiku lotsatira ngozi ija, alamu anga akubuula ku chipatala, Bwana Tsabola anaitana a Pilato pakhonde. Sanafunse za wovulala. Anati pa dooko paja waonapo mkazi wina wovala mikanda yofiira ndi yoyera m'chiuno, ya mizere itatu, ndipo akufuna a Pilato akamufufuze, azikagwira ntchito ya m'nyumba kwa bwana.

"Ndiye mkaziyo ndani?" ndinafunsa.

A Janeti anangogwira m'chiuno mwawo.

Mayo ine! Munsi unatsala pang'ono kundigwera paphazi. Munthu kutumidwa kukafufuza mkazi wake yemwe!

"Ndiye a Pilato anati chiyani?"

"Anati inde bwana. Mpaka lero akuti akufufuzabe. Kunyumba kuno salankhula nane, ngati ndinachita kumuitana mzunguyo. Usauze munthu, Eneles."

Sindinauze munthu. Ndinauza amayi, ufa wa a Janeti usanaume nkomwe. Amayi si munthu wamba. Anamvetsera osaphethira, kenako anati, "Mikanda ya m'chiuno munthu saiona ali maso pamsewu." Anatulutsa nsalu yawo ya pa Mulungu nkuiyanika pa udzu.

Tsiku lobwerera ku Boma litafika, tinanyamuka m'magulu awiri. Amayi ndi ine patsogolo, alamu ndi achemwali kumbuyo kutali. Alamu anayesa kuwaletsa kudzera mwa ine mpaka ndinakana kunyamula mawu awo. Ku Boma kunadzaza, chifukwa mbiri inali itamveka kuti apongozi akukaikira umboni mkamwini. Kaya anaifalitsa ndani.

Vuto linayamba pakhomo penipeni. Alamu anali ataima kutsogolo pafupi ndi tebulo la woweruza. Kuyang'ana woweruza kunali kuyang'ana alamu. Ndiye amayi analowa chafutambuyo, ine nditawagwira dzanja, anthu akupatuka. Atafika pakati anakhala pansi, miyendo tambalale, nkhope atalozetsa kukhomo, msana kwa bwana.

Msikali anathamangira. "Mayi, tembenukani! Mukufulatira Boma?"

"Boma sindikulifulatira. Boma ndilo laima malo olakwika."

Anthu anaseka chamumtima. Woweruza anafiira, nkufunsa a Isake chimene chikuchitika. A Isake anafotokoza nthawi yaitali, manja akuloza uku ndi uku. Kenako anati, "Mayi, bwana akuti mboni iyenera kuonetsa nkhope."

"Muwauze kuti nkhope yanga si umboni. Umboni uli pakamwa, ndipo makutu ali nawo."

Sindikudziwa ngati a Isake anamasulira zonse, koma woweruza anapukusa mutu nkulola. Anafunsa dzina, amayi anati Esteri. Anawauza kuti aloze munthu amene anagundidwa. Amayi anakweza dzanja nkuloza kumbuyo ndi chala chachikulu, osacheuka.

"Bwana akuti mukudziwa bwanji kuti ndi yemweyo musanamuyang'ane?"

"Ndimamuphikira ndiwo chaka chachitatu chino. Kutsokomola kwake ndikukudziwa."

Kenako anafotokoza. Sanachite manyazi, sanatsitse mawu. Anati tinali kusamba, inde, osavala, pakuti kwathu sitisamba ndi nsalu, kaya kwa azungu. Anati mwana wa eniyu anaitana odi monga munthu woleredwa, ndinamuyankha ndine, anapatuka mumsewu mpaka m'nsungwi, ndipo anatsinzina chifukwa cha ine. Nditasuzumira alamu, ndinaona atagwira ndodo ndi manja onse awiri, maso ali tseke kachiwiri, misozi ikutsika.

"Wa mthuthuthuyo sanaitane odi," anapitiriza amayi. "Anzanga anamira, ine ayi. Ndinati ndimuone wopanda mwamboyu. Mutu wake unali utapotokera kumadzi ngati wa nkhuku yoona kabawi. Msewu unakhota, iye sanakhote. Anakamupeza munthu m'nsungwi momwe anabisala."

Bwana Tsabola anaimirira asanapatsidwe mpata. A Isake anamasulira kuti bwana akuti zonsezo nzabodza, nkhalambayi ikuteteza mkamwini wake, iye maso ake anali pamsewu ndipo pa dooko sanaonepo mkazi ngakhale mmodzi.

"Ngakhale mmodzi?" anafunsa amayi.

"Akuti ngakhale mmodzi."

"Chabwino. A Pilato alipo muno?"

A Pilato analipo. Anabwera atanyamula nyali yosweka ija kuti bwana wawo aionetse. Anali ataima kukhoma, nyali ili m'manja ngati mwana wa eni.

"A Pilato, ine dzina la munthu sinditchula. Tangowauzani abwanawa chimene munatumidwa kukafufuza m'mawa mwake. Mukafuna kukana, kanani. Ine ndinena kamodzi kokha."

Woweruza anawaitana kutsogolo, nkuwagwiritsa Buku Lopatulika. A Pilato ndi munthu wa chikoti, koma ndi wobatizidwa. Anayang'ana Bukulo, anayang'ana bwana wawo. Bwana Tsabola anawalankhula mawu awiri achizungu, a mtundu uja amalankhulira galu wake. Ndikhulupirira kuti mawu amenewo ndi amene anamaliza ntchito. A Pilato anaika nyali pansi pang'onopang'ono.

"Anandituma kukafuna mkazi amene anamuona pa dooko tsiku la ngozi."

"Bwana akuti mukanamudziwa bwanji mkaziyo?"

"Anandiuza mikanda yake ya m'chiuno. Yofiira ndi yoyera, mizere itatu."

"Ndiye munamupeza?"

"Mikanda imeneyo ndinagula ndine."

Kenako mayi wina kumbuyo anati "Hiii!" ndipo phokoso linabuka moti asikali anachita kumenya ndodo pansi. A Isake anamasulira akuyang'ana kudenga. Mphuno ya Bwana Tsabola inafiira mpaka dzina lake linamuchepera.

Azungu awiriwo analowa m'chipinda china nkutseka chitseko. Anakhalitsamo. Potuluka, woweruza analankhula mwachidule osayang'ana munthu. A Isake anati Bwana Tsabola agula njinga ina, alipiranso mwendo monga Boma lidzanenere, ndipo a mishoni adzauzidwa kuti za mowa sizinapezeke. Mlandu watha.

"Sindinamve bwino," anatero amayi, ali chikhalire. "Wolakwa ndani?"

"Mayi, bwana akuti mlandu watha."

"Kwathu mlandu sutha wolakwa asanatchulidwe. Wolipira ndamumva. Wolakwa ndani?"

A Isake ananong'ona, "Mayi, mwapambana, musaonjeze." Woweruza anali atayamba kale kusonkhanitsa zinthu zake. Amayi anaimirira, anamanga nsalu bwinobwino, nkukweza mawu aja a nkhuku za kutsidya.

"Eneles! Uwauze alamu ako kuti sanalakwe. Wolakwa ndi uyo wa mthuthuthu. Poti ena pakamwa pawalemera, ndagamula ndine."

Ndinatembenuka, ndinayang'ana alamu, ndipo ndinabwereza mawu onsewo limodzi ndi limodzi, mokweza, kuti ngakhale amene anali panja amve. Pa moyo wanga wonse sindinanyamulepo uthenga wokoma chotero.

Koma mzungu ndi mzungu. Njinga inabweradi, yobiriwira, yopanda belu. Tsiku lomwelo kunabweranso kapitawo watsopano, pakuti a Pilato anali atawachotsa. Anati aphunzitsi achoke mwezi usanaoneke, apo ayi nyumba yawo aitentha. Alamu anayamba kumanga mabuku awo m'kansalu. Achemwali anakhala pakhomo atagwira mimba, osalira nkomwe, kungoyang'ana.

Amayi anatenga khasu nkulowa m'munda. Tinamva kukumba. Nditapita ndinapeza akuzula chinangwa, chokhwima ndi chosakhwima chomwe, mitengo yake akudula nkumanga mitolo.

"Amayi, mwapenga?"

"Katenge nkhwangwa. Uyambe ndi zitseko."

"Zitseko zatani?"

"Tikusamuka. Cha ku Milonde kuli malo osakhala a mzungu. Ndinatuma kale mawu kwa abale athu amene anatsogola."

Anthu anasonkhana. Akuluakulu ena anati Esteri, zimenezi sizichitika. Mkamwini ndiye amatsata mudzi, mudzi sutsata mkamwini. Manda a amuna ako ali pano, nthochi zako zili pano. Amayi sanasiye kukumba.

"Akufa sathangata, asiyeni agone. Ine ndinawoloka Muloza ndi mwana kumsana, mphika pamutu, osadziwa kumene ndikupita. Ndilephere kuwoloka kamtsinje aka? Mdzukulu wanga abadwira pamene pali bambo wake."

Tinasasula madenga, tinazula nsichi zonse zabwino. Kapitawo watsopano uja anabwera nkunena kuti nthochi ndi za malo, zisakhudzidwe. Amayi anamufunsa ngati malowo anaziwokera okha, ndipo anakumba ana a nthochi iye akuona. A Pilato anabwera osaitanidwa, anasenza mtolo wa nsichi osalankhula ndi munthu. A Janeti anali pambuyo pawo ndi dengu pamutu, pakuti nawonso analibenso pokhala. A Janetiwo ine sandilankhula mpaka lero. Akandiona amalavula. Ndikuti adzatopa okha.

Tinanyamuka m'mawa, dzuwa lisanatenthe. Alamu sanathe kupalasa ndi mwendo uja, ndiye ankangoikankha njinga yatsopanoyo, yopanda kanthu, ikunyezimira, ife tonse mitu itaphwanyika ndi katundu. Pa mphambano anaima nkundikodola.

"Mlamu, uwauze amayi kuti... uwauze kuti ndilibe mawu. Uwauze kuti zimene andichitira, ngakhale mayi wondibala..."

Ndinathamanga kutsogolo nkukanena, ndikuonjezerako pang'ono kuti zikome. Amayi sanaime.

"Uwauze kuti ndamva. Uwauzenso kuti mtondo watsala pabwalo paja, ndipo njinga imeneyo ili ndi msana."

Ndinabwerera nkukawauza. Alamu anayang'ana njinga yawo yobiriwira, yosakandika ngakhale pamodzi. Anapuma mozama, anaitembenuza, nkubwerera kukatenga mtondo.